Oyilo Wofiira M'galimoto ya Achimwene

1

Tsiku limene tinaika bambo anga m'manda, mwamuna wanga anathamangitsidwa pa siwa anthu onse akuona. Anali atangotula mtolo wa nkhuni pafupi ndi madiramu ophikira, monga amachitira akamwini kuno ku Chitungwiza maliro akagwa kuchipongozi, pamene achimwene anga a Meshack anatuluka m'nyumba maso ali psuu.

"Tsano, nyamulani nkhuni zanu muzipita," iwo anatero. Tsano ndi mmene anzathu Achishona amaitanira mlamu, ndipo nthawi zonse limakhala dzina lanthabwala, koma tsiku limenelo palibe anaseka. "Kumanda simukapondako. Munthu mwamupha nokha, ndiye mukufunanso mukamukwirire?"

Gordon, mwamuna wangayo, anapukuta manja ake pa ovolosi, n'kutuluka pageti pang'onopang'ono. Ine ndinali pamphasa pakati pa amayi a kutchalitchi, nditadzifunditsa chitenje kumutu, ndipo sindinadzuke.

Dzina langa ndine Esnath. Ndinabadwira ku St Mary's, dera la kuno ku Chitungwiza, ndimagulitsa kaunjika pa msika wa ku Huruyadzo, ndipo ndinakhala pabanja ndi Gordon zaka khumi ndi zinayi. Ndikulemba izi kuti dzina la mwamuna ameneyu liyere. Mlandu umene anamupachika nawo mungauseke mukaumva, pakuti unali wa oyilo wa m'giyabokosi.

2

Bambo anga, a Paulo Kanyumbu, anachoka ku Dedza ali mnyamata wopanda ndevu, n'kudzagwira ntchito m'mafakitale a ku Harare mpaka msana unapindika. Kumudzi kunatsala mlongo wawo mmodzi yekha. Azakhali amenewa maso anali atayamba kuchita mdima, ndipo pafoni ankangobwereza mawu amodzi: "Bwerani ndidakaona, achimwene." Bambo anali ndi zaka makumi asanu ndi atatu ndi ziwiri. Mapepala awo oyendera anativuta zaka ziwiri, ndipo atatuluka mu Okutobala, tinagwirizana kuti a Meshack awaperekeze pa galimoto yawo, ine ndipite nawo kukawasamalira m'njira.

Galimotoyo inali yasiliva, ya otomatiki, yochokera ku Japan itagwirako kale ntchito. A Meshack ankachita lendi chipinda ku Zengeza 4 kopanda mpanda, choncho inkagona pakhomo pathu ku Zengeza 2, kiyi wake atapachikidwa pa msomali kuseri kwa chitseko. Gordon ndi makaniko, ndipo galaja yake inali pansi pa mtengo wa mango kutsogolo kwa nyumba yathu. Achimwene anga, poti amagwira ntchito mu ofesi yoziziritsa mpweya m'tauni, sankamuwerengera. Bambo okha ndiwo ankamukonda, chifukwa agogo ake a Gordon anali a ku Ntcheu ndipo iye yekha m'banja monse ndiye ankatha kucheza nawo Chichewa tsiku lonse osaphatikizamo Chishona.

Lamulungu lomaliza ulendo usanachitike, Gordon anaizungulitsa galimotoyo mpaka ku Town Centre, n'kubwera nkhope itagwa.

"Alamu, ikamanyamuka ikumazengereza. Oyilo wa m'giyabokosi watopa."

"Buku lake likuti oyilo ameneyo ndi wa moyo wonse, sasintha," a Meshack anayankha. "N'chifukwa chake sanaikemo n'kandodo komwe koyezera."

"Bukulo analembera misewu ya kwawo ndi kuzizira kwa kwawo. Iyi yayenda makilomita pafupifupi zikwi mazana awiri, ena mwa iwo m'maenje athu ano. Palibe oyilo wosakalamba."

"Ndiye mukufuna musinthe?"

"Sabata ino ayi. Giyabokosi yokalamba saidzidzimutsa. Timakhetsa pang'ono cha pansi, n'kuthiramo wa mtundu wake weniweni, iyende milungu iwiri, tibwerezenso. Mundipatse mwezi. Ngati ulendo suimika, ndiye musaikhudze n'komwe. Muziyenda pang'onopang'ono, dzuwa likakula muzipumira."

A Meshack anaseka mpaka kugwira pamimba. "Mwamva, baba? Sinthani, musasinthe. Anthu anakhala m'makalasi kupanga galimoto, koma injiniya wa pansi pa mango akuti analakwitsa. Mundimvetse, tsano, sipanala yanu isayandikire galimoto yanga."

Bambo anagwira Gordon paphewa. "Mwezi ndi wautali kwa munthu wa msinkhu wanga, mkamwini. Tiyeni tingopita."

Gordon anavomera mwaulemu, monga mwa khalidwe lake. Amene ndinapsa mtima ndi ine. Zaka zonsezi ndinali nditatopa kumva mwamuna wanga akunyozedwa pakhomo pake pomwe, iye akungomwetulira.

Za Lachinayi la sabata imeneyo ndikuuzani nthawi yake ikakwana.

3

Tinanyamuka Loweruka m'mawa. Bambo anavala suti yawo ya kutchalitchi ndi chipewa, ndipo pamiyendo anafungatira bulangete limene anagulira mlongo wawo, akukana kuti liikidwe kumbuyo. Mpaka ku Murehwa ankatiuza mayina a anthu a kumudzi, ambiri a iwo omwalira kalekale, ndi zimene adzanene kwa aliyense.

Titadutsa Mutoko, dzuwa lili paliwombo, injini inayamba kulira kwambiri koma galimoto osathamanga. A Meshack anaponda, iyo n'kumangobuula. Fungo la chinthu chopserera linalowa m'kati. Pa kachitunda kena inangoima, ndipo sinasunthenso kutsogolo kapena kumbuyo.

Amene anayendako msewu wa ku Nyamapanda mu Okutobala akudziwa kutentha kwake. Mitengo inali itayoyola masamba. Tinawakhazika bambo pansi pa kamtengo ka minga, madzi athu anatha ola lachitatu lisanakwane, ndipo magalimoto ankangotidutsa. Bambo anakana kuvula jekete, ati akafike kwawo ali munthu wooneka. Kenaka milomo yawo inauma, mawu n'kuyamba kusokonekera.

"Esnath, Dedza idakali kutali?"

"Pang'ono, baba."

Patapita maola asanu, lole ina inatikoka kubwerera ku Mutoko. Makaniko wa kumeneko, bambo wachikulire wa imvi, analowa pansi pa galimoto, n'kumasula kabawuti, n'kukhetsera oyilo m'chitini. Anauyang'ana padzuwa, anaununkhiza, kenaka anapukusa mutu.

"Uyu si oyilo wa galimoto iyi," anatero m'Chishona. "Giyabokosi ya mtundu uwu imadya wake wobiriwira. Uyu ndi wofiira, ndipo pansi pa kupsereraku ndi watsopano, sanathe n'sabata yomwe. Amene anathira wakupherani giyabokosi."

A Meshack anatembenukira kwa ine.

"Galimoto yanga imagona pakhomo pa ndani?"

Ine ndinali kukupizira bambo mphepo ndi chikatoni, ndipo ndinapitiriza kukupiza.

4

Tinabwerera pa basi, bambo atatsamira paphewa langa. Kutacha tinawatengera kuchipatala, kumene anatiuza kuti impso zawo zavulala ndi ludzu lija. Sanadzukenso pabedi limenelo.

A Meshack anabwera kwathu Lolemba, n'kumupeza Gordon ali pansi pa kombi, minibasi ya munthu. Anamukoka mwendo.

"Ndinakuuzani kuti musaikhudze."

Gordon anatuluka, n'kukhala tsonga. "Oyilo wake anali wa mtundu wanji?"

"Mukundifunsa ine? Wofiira, amene munathira."

Mwamuna wanga anayang'ana kukhonde kumene ndinaima, kanthawi kochepa chabe, kenaka anayang'ana pansi. "Ndamva, alamu," anatero. Sanakane, sanavomere, ndipo kwa a Meshack kumeneko kunali kuvomera. Anamuletsa kufika kuchipatala.

Bambo anakhala milungu itatu. Tsiku lina masana ndikuwamwetsa phala, anandigwira dzanja. Mutu unali utabwerera bwinobwino tsiku limenelo.

"Mwana wanga, Gordon sindimudziwa ngati munthu wochita zinthu mobisa. Anachitadi?"

"Sindikudziwa, baba."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anatembenukira kukhoma. Anatisiya Lachisanu lotsatira, osamuona mlongo wawo, osamuonanso mkamwini wawo.

Za pa siwa ndanena kale. Zimene zinatsatira zinali zoipa kuposa pamenepo. Nkhani ku Chitungwiza imakwera kombi osalipira, ndipo pofika Khirisimasi Huruyadzo yonse inkadziwa za makaniko wopha apongozi ake. Eni makombi amene ankadzaza pakhomo pathu anayamba kudutsa ngati sakutidziwa. Kutchalitchi anamupumitsa pa udindo wake wosamalira nyumba ya Mulungu, ati mpaka abale agwirizane. M'mawa uliwonse ankayala masipanala ake pa saka pansi pa mango, madzulo n'kuwalongedza osagwira ntchito.

Ine ndinasanduka mkazi wabwino kuposa kale. Madzi osamba ankawapeza otentha, ovolosi yochapa, ndiwo zimene amakonda. Ankathokoza chilichonse. Koma pakapita milungu ingapo, tikamamwa tiyi m'mawa, ankaika kapu pansi n'kundifunsa mofatsa.

"Amayi a Ratidzo, pali chimene mukufuna kundiuza?"

"Palibe, bambo a Ratidzo."

"Chabwino."

Anafunsa choncho miyezi isanu ndi iwiri. Mu Meyi anapeza ntchito yokonza malole ku Beitbridge, ananyamula bokosi lake la zitsulo, n'kupita. Mwana wathu Ratidzo, wa zaka khumi ndi ziwiri, anakana kumuperekeza pokakwera basi.

5

Tsopano ndinene za Lachinayi lija.

Tsiku limenelo a Meshack anandiuza kuti nditenge galimoto ndikagule shuga, sopo ndi mafuta ophikira zokapereka kumudzi. Laisensi ndili nayo, ndipo Gordon anali atapita ku Harare kukasaka masipeya. Nditamaliza kugula ku Town Centre, ndinaona chikwangwani kuseri kwa mashopu cholembedwa kuti amasintha oyilo wa m'giyabokosi ndi makina, theka la ola basi.

Ndinaimitsa galimoto. Mumtima ndinati mwamuna wanga wanena kuti oyilo watopa, ndipo mwamuna wanga salakwitsa. Zija anawonjeza zakuti asaidzidzimutse ndinazimva bwinobwino, sindinganame kuti sindinazimve. Ndinangoziyesa mantha a munthu wogwira ntchito ndi manja, wopanda makina. Ndinkadziona kale tili ku Dedza, tafika bwino, ine ndikuwauza achimwene pamaso pa anthu kuti mwafika chifukwa cha nzeru za injiniya wa pansi pa mango uja.

Mwini malowo anali bambo wina wonenepa dzina lake Pardon. Ndinamufunsa ngati oyilo wake ndi woyenera galimoto imeneyo.

"Amai, otomatiki ndi otomatiki," anatero. "Uyu timathira zonse."

Analumikiza mapaipi awiri. Wina unkatulutsa oyilo wakuda bii, wina unkalowetsa wofiira kuchokera mu diramu. Ndinasangalala kuona kuda kwa wakaleyo, ndinati ndawapulumutsa bambo anga. Pobwerera galimoto inkayenda bwino, ndipo ndinapachika kiyi pa msomali ndikuimba nyimbo ya kwaya.

Ndiye pa msewu wa ku Nyamapanda paja, injini itangoyamba kulira, ine ndinadziwa. Ku Mutoko ndinadziwa. Kuchipatala, bambo atandigwira dzanja, ndinadziwa. Ndinkaopa kuti a Meshack, m'bale wanga yekhayo amene anatsala, adzandiyang'ana mmene ankamuyang'anira Gordon. Tsiku lililonse ndinkati ndinena mawa, ndipo tsiku lililonse kunena kunkalemera kuposa dzulo lake.

6

Mlandu suwola. Wanga anandikumbutsa ndi mwana wanga.

Mu Julayi Ratidzo anabwera kuchokera kusukulu yunifomu itang'ambika paphewa. Anali atamenyana ndi mnzake amene anamutcha mwana wa chigawenga. Ndikumusokera malayawo ndinamuuza kuti madzulo tiwaimbire bambo ake. Iye Chichewa amamva koma amayankha m'Chishona.

"Handidi kutaura navo," anatero, kukana kulankhula nawo. Kenaka, kuti ndimvetsetse, anayesa m'chinenero cha agogo ake, mawu akumuvuta, la agogo lokha likutuluka m'Chishona. "Anapha sekuru. Si bambo anga."

Singano inandibaya chala ndipo sindinamve kuwawa. Ndinamukhazika pansi n'kumuuza zonse. Sanalire. Anangodzuka, n'kukatenga foni yanga, n'kukadzitsekera kuchipinda, ndipo ndinamumva akuti "Baba" kenaka kulira kwake kunayamba.

Kwa a Meshack ndinapita Lamulungu titaweruka kutchalitchi. Ndinagwada pakhomo pa chipinda chawo, anzawo ochita lendi akuchapa panja, n'kunena kuyambira pa chikwangwani mpaka pa msomali. Ndinkayembekeza khofi, ndipo mwina akanandimenya ndikanapepukidwa.

"Iwe unali kumbuyo kwanga m'galimoto muja," anatero motsitsa. "Unali pamphasa tsiku lija ndikuthamangitsa munthu. Esnath, wandichimwitsa pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa mtembo wa baba."

Anakhala pabedi nkhope ili m'manja. Atadzutsa mutu anati, "Loweruka tikwera basi ya ku Beitbridge. Ukanene wekha."

7

Tinamupeza pa bwalo la malole, atawonda, tsitsi litayamba imvi m'mbali. Anatibwerekera mipando iwiri, iye n'kukhala pa tayala.

A Meshack, munthu amene sindinamuonepo akupepesa chibadwire, anagwada m'fumbi ndi buluku lawo la ku ofesi. Gordon anawadzutsa msanga. "Alamu, munali ndi chisoni, ndipo munaweruza ndi zimene munaona. Zatha."

Kenaka inali nthawi yanga. Ndinayamba kufotokoza za Lachinayi, koma anakweza dzanja.

"Ndikudziwa, amayi a Ratidzo. Ndinadziwa Lolemba lija alamu atangoti wofiira. Kiyi anali mmodzi, ndipo sabata imeneyo, kupatula ine Lamulungu lija, anayendetsa ndi inu nokha. Kwa Pardon ndinapitako, anakukumbukirani."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Apongozi anali pabedi. Ndikanawauza kuti mwana wawo wamkazi ndiye wawatsekera njira ya kwawo? Ndinati ine ndine wobwera, ndisenze mpaka maliro adutse, kenaka mkazi wanga anena yekha." Anapukuta manja ndi kansanza, ngakhale anali oyera kale. "Za oyilo sindinakwiye nazo. Munkafuna kundiimira, munangolakwitsa, ndipo ife amakaniko timalakwitsa kawirikawiri. Koma miyezi isanu ndi iwiri munkandiona ndikuyala zitsulo popanda wobwera. Munkamuona mwana wanga akusiya kundipatsa moni. Inu n'kumanditenthetsera madzi osamba."

Ndinalira mpaka madalaivala anayamba kutiyang'ana. Ndinamupempha kuti abwerere kunyumba, ndinati ndikaima kutsogolo kwa mpingo ndi pakati pa msika n'kunena zonse.

"Kanenedi, chifukwa cha Ratidzo," anatero. "Kukhululuka ndakhululuka, Mulungu ndi mboni. Koma kugona nyumba imodzi, ndayesa kuganiza, mtima ukukana. Ndikamakuonani mukundipatsa tiyi ndizidzafunsa kuti lero mwabisa chiyani."

Anatiperekeza mpaka pa basi, n'kutigulira madzi akumwa a m'njira. Pokwera anandithandiza kunyamula chikwama monga mmene akanathandizira mayi wina aliyense.

8

Ndinanena kutchalitchi, ndinanenanso ku Huruyadzo. Ena anandilavulira, ena anasiya kugula pa benchi langa, ndipo sindiwadandaula. Gordon anabwera mu Ogasiti, a Meshack anamutengera kumanda a bambo, ndipo anakhalako awiriwiri ola lathunthu. Anagona kwa msuweni wake, m'mawa n'kutenga Ratidzo kukakhala naye tchuthi. Amatumiza zonse zofunika pakhomo, ndipo akaimba foni amandifunsa za moyo wanga mwaulemu asanapemphe mwana.

Owerenga anzanga, ena mwa inu muli ndi galimoto zolembedwa kuti oyilo wake ndi wa moyo wonse, ndipo mukufuna kudziwa ngati muyenera kusintha. Ine si makaniko. Ndingokuuzani zimene ananena munthu amene ankadziwa: amasintha, koma ndi wa mtundu wake, pang'onopang'ono, osati ulendo wautali uli pakhomo. Ndikanamvera mawu ake onse m'malo mosankhamo ondikomera, bwenzi bambo anga atakhala pakhonde la mlongo wawo.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti ngakhale zitatero, banja langa ndikanalipulumutsa. Mwamuna wanga ananditsegulira khomo kambirimbiri, kapu ya tiyi ili patebulo, ndipo mawu ofunika anali atatu okha: ndinali ine, pepani. Ngati m'nyumba mwanu muli munthu amene wasenza mlandu wanu, ndipo adakakufunsanibe ngati pali chimene mukufuna kumuuza, muyankheni lero lomwe. Wanga anasiya kufunsa.